NKHONDO YA ZAKA 16 KUTSIDYA KWA NYANJA: MWERA NDI MNG'ALU WA BWATO

Uthenga wa lero ndi wautali. Ngati muli pa ntchito usungeni kaye, mudzauwerenge madzulo maukonde atayanikidwa.

Pa 4 Okutobala chaka chilichonse anzathu a ku Mozambique amakhala pa tchuthi. Amakumbukira tsiku limene inatha nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Eni akewo amaitchula kuti nkhondo ya zaka 16, ndipo inatha mu 1992. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ena ndi zipolopolo, ambiri ndi njala ndi matenda. Oposa 1.5 miliyoni anathawira m'maiko oyandikana nawo, ndipo ochuluka mwa iwowa anabwera kuno kwathu. Mamiliyoni enanso anasiya midzi yawo n'kumakhala ngati alendo m'dziko lawo lomwe. Zonsezi zinachitika m'dziko limene nthawi imeneyo linali ndi anthu osafika 15 miliyoni.

Ambiri a ife tinabadwa mfuti zitaleka kale kulira. Timangodziwa kuti mapiri a kutsidya aja ndi Mozambique, kuti ku Cobue ndi ku Metangula amalankhula Chinyanja ndi Chiyao ngati ife, ndipo usipa amene amapha ndi womwewu. Koma mukafunsa kuti nkhondoyo inayamba bwanji, mumamva mayankho awiri. Ena amati inachita kubwera ndi azungu a ku Rhodesia ndi South Africa, basi. Ena amati Frelimo inadziputira yokha pozunza anthu a kumudzi. Aliyense amagwira yankho limodzi n'kutaya linalo.

Ife ana a asodzi tisavutike nazo. Mwera ukauka umawomba mabwato onse amene ali panyanja, koma loyamba kumira ndi lija linali kale ndi mng'alu. Mozambique inakumana ndi zonse ziwiri, mwera wochokera kunja ndi mng'alu wa m'kati. Ndipo amene anamira ndi anthu wamba, amene sanaitane mphepoyo komanso sanaseme nawo bwatolo.

*Zimene Apwitikizi anasiya*

Apwitikizi analamula dzikoli mwankhanza zedi. Kunali chibalo, ntchito yokakamiza yonga thangata wathu uja koma yoposa pamenepo. Anthu ankakakamizidwa kulima thonje n'kuligulitsa pa mtengo wonena mzungu, minda ya chakudya ili gone. Wolephera ankamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya mpaka manja kutupa. N'chifukwa chake Alhomwe ndi Asena ambiri anawoloka malire kalekale kubwera ku Nyasaland. Sukulu za munthu wakuda zinali zowerengeka.

Mu 1962 magulu omenyera ufulu anagwirizana ku Dar es Salaam n'kupanga Frelimo, mtsogoleri wake Eduardo Mondlane. Pa 25 Sepitembala 1964 anayamba nkhondo yochotsa Apwitikizi, ndipo inakolera kwambiri m'zigawo za kumpoto, Cabo Delgado ndi Niassa. Niassa ndiye kutsidya kwathuku. Apwitikizi anali ndi maboti ankhondo pa Metangula, ndipo anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anathawira ku Likoma ndi ku Tanzania. Mondlane anaphedwa mu 1969 ndi bomba limene linabisidwa m'phukusi, utsogoleri n'kupita kwa Samora Machel, yemwe poyamba ankagwira ntchito m'chipatala.

Mu Epulo 1974 asilikali a ku Portugal, atatopa ndi nkhondo za ku Africa, analanda boma ku Lisbon. Pa 25 Juni 1975 Mozambique inalandira ufulu. Chisankho sichinachitike, mphamvu zonse zinangoperekedwa kwa Frelimo. Apwitikizi ambiri, amene anali m'gulu la anthu 200,000, ananyamuka m'miyezi yochepa, ena akuwononga makina pochoka. Iwowo ndiwo anali madokotala, amakaniko, oyendetsa sitima ndi eni sitolo. Pa anthu 100 alionse amene anatsala, oposa 90 sankatha kuwerenga. Taganizani kupatsidwa boti la injini pakati pa nyanja, mwini wake atachotsa pulagi n'kuponya sipanala m'madzi.

*Mwera wochokera kunja*

Mu Malichi 1976 Machel anatseka malire ndi Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, limene nthawi imeneyo linkalamulidwa ndi azungu ochepa pansi pa Ian Smith. Analolanso omenyera ufulu a Robert Mugabe kukhala ndi misasa m'dziko lake. Anathandiza mnansi, koma mtengo wake unali waukulu. Doko la Beira ndi njanji yake zinataya ndalama za katundu wa Rhodesia, ndipo asilikali a Smith anayamba kulowa m'dzikolo kudzapha anthu, monga anachitira pa msasa wa Nyadzonia mu 1976 ndi ku Chimoio mu 1977.

Akazitape a Rhodesia, mkulu wawo Ken Flower, anaganizanso njira ina. Anasonkhanitsa anthu a ku Mozambique amene anali ndi mangawa ndi Frelimo, ena amene anagwirapo usilikali wa Apwitikizi, ena othawa m'ndende za boma latsopanolo, n'kuwapatsa mfuti ndi maphunziro. Ichi ndicho chiyambi cha Renamo, ndipo Flower mwini wake anadzavomera zimenezi m'buku lake. Mtsogoleri woyamba anali André Matsangaissa, msilikali wakale wa Frelimo amene anathawa ku kampu ya chilango. Dzina loti Matsanga, limene akuluakulu a m'malire amalitchula motsitsa mawu mpaka lero, linachokera pa iyeyu. Anaphedwa ku Gorongosa mu Okutobala 1979, ndipo pampando panakhala Afonso Dhlakama, mnyamata wosakwana zaka 30.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 anthu ankayesa Renamo yatha, poti woisamalira wagwa. Ayi ndithu. Asilikali a boma la tsankho la South Africa anaitola, kuitengera ku Phalaborwa, kuiphunzitsa, n'kumaiponyera mfuti ndi mawailesi olankhulirana pa ndege ndi panyanja ya mchere. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, ANC ya Nelson Mandela inali ndi anthu ake ku Maputo. Chachiwiri chimatikhudza ife. Maiko opanda doko monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anali atagwirizana ndi anzawo mu 1980 kuti asiye kudalira madoko a South Africa, ndipo njira zawo zinali Beira, Nacala ndi Maputo. Kudula njanji zimenezi kunali kutimanga tonse pa chingwe cha Durban. N'chifukwa chake njanji, milatho, paipi ya mafuta yopita ku Zimbabwe ndi nsanja za magetsi ochokera ku Cahora Bassa zinkaphulitsidwa kawirikawiri. Kumbali inayi Frelimo inkalandira zida kuchokera ku Soviet Union ndi anzake, ndiye maiko akuluakulu ankangoona ngati mpira wawo wa nthawi zonse.

Machel atapanikizika anakasaina pangano la Nkomati ndi P.W. Botha pa 16 Malichi 1984. Iye achotse ankhondo a ANC, Botha asiye kuthandiza Renamo. Machel anachitadi mbali yake. Koma mu Ogasiti 1985 asilikali a Zimbabwe ndi Mozambique atalanda likulu la Renamo lotchedwa Casa Banana ku Gorongosa, anapeza zikalata zoonetsa kuti zida zinkabwerabe kuchokera ku South Africa panganolo litasainidwa kale.

*Mng'alu wa m'kati*

Tsono funso ndi ili: gulu limene linayamba ndi anthu mazana ochepa linakula bwanji mpaka kufika pafupifupi m'zigawo zonse za dziko lalikulu chonchija? Mfuti zokha sizikadatha. Linapeza polowera.

Tinene chilungamo, Frelimo inayamba ndi zabwino zambiri. Inatsegula sukulu m'midzi, inapereka katemera kwa anthu mamiliyoni, inamanga tizipatala kumene mzungu sanaganizeko. Koma mu 1977 inalengeza kuti ndi chipani cha Marx ndi Lenin, chokhacho chololedwa m'dziko, ndipo atsogoleri ake ankakhulupirira kuti akudziwa zofunika kwa munthu wa kumudzi kuposa mwini wakeyo.

Mafumu onse anachotsedwa, amvekere anali zitsamba za Apwitikizi. Ena analidi otero, koma ambiri anali eni mbumba, osunga manda ndi oweruza milandu ya minda. M'malo mwawo anaika alembi a chipani, nthawi zina mnyamata wobwera amene sadziwa n'komwe malire a munda wa munthu. Kupempha mvula, using'anga, chinamwali, malowolo ndi mitala, zonse zinatchedwa za umbuli. Sukulu ndi zipatala za mishoni zinalandidwa, ndipo opemphera ankaonedwa ndi diso lofiira.

Kenako panabwera midzi ya boma. Anthu oposa 1 miliyoni anasamutsidwira m'midzi ikuluikulu ya nyumba za m'mizere, ena mofuna, ambiri mokakamizidwa, makamaka nkhondo itakula. Munthu ankasiya mango ndi makoroso amene anabzala agogo ake, kusiya manda a makolo, n'kukakhala pa nthaka ya fuko lina, munda wake uli mtunda wa maola angapo. Inu a ku gombe, tayerekezani boma litabwera mawa n'kunena kuti nonse muchoke pa doko la makolo anu, mukakhale kumtunda, usipa muzigulitsa kwa ife pa mtengo wathu. Ndalama zambiri za ulimi zinkapita ku minda ikuluikulu ya boma ya mathirakitala, pamene m'sitolo za kumudzi munalibe khasu, mchere, sopo kapena nsalu. Mlimi n'kumadzifunsa kuti ndigulitsirenji chimanga ngati ndalamayo ilibe chogula?

Wotsutsa ankatumizidwa ku makampu amene ankati ndi osinthira maganizo, ndipo ambiri anali ku Niassa konkuno, m'nkhalango za kuseri kwa mapiri aja. Uria Simango, yemwe anakhalapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa Frelimo, ndi mayi Joana Simeão anatsekeredwa ku kampu ya M'telela ndipo anaphedwa popanda kuzengedwa mlandu m'khoti. Mu 1983 boma linabwezeretsa chilango cha chikoti pagulu. Chaka chomwecho linachita zimene linazitcha Operação Produção: anthu zikwizikwi a ku Maputo ndi ku Beira amene analibe chikalata cha ntchito anagwidwa, kukwezedwa ndege, n'kukatayidwa ku Niassa kuti akalime, opanda khasu lokwanira, opanda wachibale. Ena anafera komweko, ena analowa Renamo chifukwa cha mkwiyo.

Panalinso nkhani ya zigawo. Mondlane, Machel ndi Joaquim Chissano onse anali a ku Gaza, kummwera, pamene akuluakulu oyamba a Renamo ambiri anali Andau a chigawo chapakati. Anthu a pakati ndi kumpoto ankadandaula kuti zabwino zonse zimathera ku Maputo. Kufupi ndi ife, cha ku Milange, kunali kagulu kena kotsutsa boma kotsogozedwa ndi Gimo Phiri, ndipo kanaphatikizana ndi Renamo mu 1982.

Renamo ikafika pamudzi inkanena zimene anthu ankafuna kumva: bwererani ku minda yanu, mfumu yanu ibwerere pampando, mizimu ya makolo yakwiya ndipo ili mbali yathu. Wofufuza wina wa ku France, Christian Geffray, anakhala m'boma la Erati ku Nampula ndipo anapeza kuti mafumu ena anasamuka ndi anthu awo onse kupita kudera la Renamo mwa kufuna kwawo. Anadzazindikira mochedwa kuti alowa m'khola la fisi.

*Mmene munthu wamba anaionera*

Apa ndipo pali nkhani yeniyeni, abale anga. Nkhondo imeneyi sinali ya asilikali okhaokha kuthirana zipolopolo. Nthawi zambiri asilikali ankapewana, mkwiyo n'kuthera pa anthu a makasu.

Renamo inkalimbana ndi chilichonse chooneka ngati cha boma. Mphunzitsi, namwino, mlembi wa chipani, amenewa ndiwo ankayamba kufunidwa. Pomatha nkhondo, pafupifupi theka la sukulu za pulaimale ndi zipatala zazing'ono za kumudzi zinali zitawotchedwa kapena kutsekedwa. Mwana wodwala chikuku kapena malungo ankangofa, mayi wovutika pobereka chimodzimodzi. Imfa zambiri za mu 1 miliyoni muja ndi zoterezi, zopanda mfuti pafupi.

Anthu ena ankadulidwa makutu, mphuno kapena milomo n'kuwasiya amoyo kuti akhale chenjezo kwa anzawo. Kunali chimene ankachitcha gandira: kugwidwa kuti usenze katundu wolandidwa, ufa, malata, mabokosi a zipolopolo, ulendo wa masiku, ndipo wotopa panjira sankabwerera. Amayi ndi atsikana ankatengedwa kukakhala akazi a asilikali mokakamizidwa. Anyamata aang'ono, ena osakwana zaka 12, ankagwidwa n'kuphunzitsidwa mfuti, ndipo ena ankawakakamiza kuchita choipa m'mudzi mwawo momwe kuti asadzaganizenso zothawira kwawo. Ofufuza amene anacheza ndi asilikali akale a Renamo anapeza kuti ambiri mwa iwo anachita kugwidwa, sanalowe mofuna. Ndiye wopha ndi wophedwa nthawi zambiri anali ana a mudzi umodzi, onse osauka.

Pa 18 Julayi 1987 m'tauni ya Homoine ku Inhambane munaphedwa anthu oposa 400 tsiku limodzi, ena ali pabedi m'chipatala. Boma linati ndi Renamo, Renamo inakana, koma opulumuka ambiri analoza Renamo. Mu 1988 Robert Gersony, wotumidwa ndi boma la America, anacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200 m'maiko angapo, kuno kwathu kuphatikizapo, ndipo anati anthu wamba amene Renamo inawapha angafike 100,000. Lipotilo linatseka pakamwa andale a ku America amene ankafuna kuti boma lawo lizithandiza Renamo poyera.

Asilikali a boma nawo manja awo sanali oyera. Ankakhala miyezi osalandira malipiro ndi chakudya, ndiye ankalanda mbuzi ndi ufa wa anthu omwe ankayenera kuwateteza. Ankasamutsa midzi mokakamiza, kuwotcha nyumba za okana, kuponya mabomba m'madera a Renamo mosasankha, ndi kugwira anyamata m'misewu kuti alowe usilikali. Munthu wa kumudzi ankakhala pakati. Usiku abwera awa kufuna chakudya, ukawapatsa m'mawa abwera awo kudzafunsa kuti unadyetsa ndani. Mabanja ambiri ankagona kutchire, m'mudzi n'kumangobwera masana.

Njala inamaliza zotsala. Chilala cha 1983 ndi 1984 chinapha anthu pafupifupi 100,000 kummwera ndi ku Tete, chifukwa magalimoto a chakudya ankawotchedwa panjira. Pansi ponse panali mabomba okwirira, m'njira za kuchitsime, m'minda, pansi pa mitengo ya zipatso, ndipo anapitiriza kudula miyendo ya ana nkhondo itatha kalekale. Ngakhale nyama sizinapulumuke: ku nkhalango ya Gorongosa njovu, njati ndi mbidzi zinatsala pang'ono kutheratu, zina kudyedwa, zina kuphedwera minyanga yogulira zida.

Anthu atatopa kotheratu, ku Zambezia kunadzuka gulu la Naparama cha m'ma 1989, lotsogozedwa ndi mnyamata wina, Manuel António. Ankatemera anthu mphini ponena kuti chipolopolo sichilowa, ndipo alimi onyamula mikondo ndi zikwanje anathamangitsadi Renamo m'madera ambiri. Iye anaphedwa mu Disembala 1991. Munthu akafika pokamenyana ndi mfuti atanyamula mkondo, dziwani kuti kumbuyo kwake kulibenso chotsala.

*Ife Amalawi tinali pati?*

Mbali yathu ili pawiri, ndipo tiinene yonse.

Boma la Kamuzu linali paubale ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo anansi athu ankatinena kuti Renamo imadutsa ndi kubisala m'dziko lathu. Mu Sepitembala 1986 Machel, Kenneth Kaunda ndi Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso. Boma lathu linakana. Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga yoloza kuno. Masabata otsatira Renamo inalanda matauni angapo ku Zambezia ndi ku Tete. Pa 19 Okutobala 1986 ndege ya Machel, pochokera ku Mbala ku Zambia, inagwa pa Mbuzini m'dziko la South Africa, ndipo iye anafera pomwepo. Mkangano wa chimene chinagwetsa ndegeyo sunathe mpaka lero. Chissano atalowa, maiko awiriwa anasaina pangano la chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala. Ena anabwerako m'mabokosi.

Chuma chathu chinapwetekanso. Njanji za Beira ndi Nacala zitaduka, feteleza, mafuta, fodya ndi tiyi zinayamba kuzungulira ku Durban, ulendo wotalika kangapo. Madalaivala athu ankadutsa msewu wa Tete pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo si onse anafika. Mtengo wa zonsezi unkagwera wogula mchere ndi palafini wa nyali.

Koma mbali inayo ndi yonyaditsa. Kuyambira 1986 anthu anayamba kukhamukira kuno, ena atavala ziguduli ndi makungwa a mitengo, ana ali mafupa okhaokha. Pofika 1992 anali oposa 1 miliyoni, m'dziko la anthu pafupifupi 9 miliyoni. Ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni dera. Kunali makampu monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje, Kunyinda ku Chikwawa ndi Muloza ku Mulanje. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene msewu ndiwo malire, ambiri anangowoloka n'kukhala pakati pa abale awo. Ku Mangochi analowera cha ku Namwera ndi Makanjira, ndipo a ku Cobue anapalasa mabwato kupita ku Likoma. Mafumu athu anagawa malo, anthu osauka anagawana ufa ndi osaukitsitsa, mabungwe a chithandizo asanafike n'komwe.

M'makampu moyo sunali wofewa. Kolera inkabuka kawirikawiri. Mu 1990 mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, anthu oposa 18,000 anadwala pelagra, nthenda yosupula khungu imene imabwera munthu akamangodya chimanga chokhachokha. Mitengo ya m'mapiri a m'malire inatha ndi nkhuni. Komabe anthu anakhalirana, anakwatirana, ndipo ena a inu amene mukuwerenga muli ndi agogo kapena mayi amene anabwera nthawi imeneyo.

*Inatha bwanji?*

Palibe anapambana. Pofika 1990 Soviet Union inali ikugwa, Mandela anali atatuluka m'ndende, ndipo amene ankakolezera moto kunja analibenso nawo ntchito. Atsogoleri a mipingo ya ku Mozambique, monga Akibishopu Jaime Gonçalves wa Katolika ku Beira ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, anali atayamba kale kukumana ndi Renamo ku Nairobi. Msonkhano umene unakonzedwa ku Blantyre mu Juni 1990 unalephereka, koma mwezi wotsatira zokambirana zinayamba ku Rome pansi pa gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Chaka chomwecho Frelimo inasintha malamulo a dziko n'kulola zipani zambiri. Zokambiranazo zinatenga zaka ziwiri, anthu akufabe. Chilala choopsa cha 1992, chomwe chija chinatikhaulitsanso kuno, chinasiya mbali zonse ziwiri zopanda chodyetsa asilikali. Pa 4 Okutobala 1992 Chissano ndi Dhlakama anasaina.

Asilikali a United Nations anabwera kudzayang'anira, ndipo mu Okutobala 1994 kunachitika chisankho choyamba. Chissano anapeza mavoti 53 pa 100 alionse, Dhlakama 34. Ku nyumba ya malamulo Frelimo inapeza mipando 129, Renamo 112. Taonani nambala imeneyo. Gulu limene linachita nkhanza zonse zija linapambana ku Sofala, Manica, Tete, Zambezia ndi Nampula. Mng'alu uja unali weniweni, ndipo anthu anali asanaiwale midzi ya boma ndi chikoti.

Othawa nkhondo anabwerera, ambiri pawokha, wapansi, atasenza malata ndi mbewu. Boma linakhululukira onse, panalibe khoti kapena bungwe lofufuza za nkhondoyo. M'midzi anthu anadzipezera njira zawo: mnyamata wobwera kunkhondo ankasambitsidwa ndi mankhwala, zovala zake kuwotchedwa, kuti magazi a anthu asalowe nawo m'nyumba. Mipingo inayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mabomba okwirira aja anatenga zaka 23: dzikolo linalengezedwa kuti layera mu 2015, ndipo pa ntchitoyo anathandizapo ngakhale makoswe ophunzitsidwa kununkhiza.

Koma bala lopola pamwamba limatukusira. Mu 2013 mfuti zinaliranso ku Gorongosa, ndipo mu 2016 tinaonanso anthu a ku Tete akufika pa Kapise ku Mwanza. Dhlakama anamwalira mu 2018 ali kuphiri, ndipo pangano lina linasainidwa mu 2019. Ku Cabo Delgado nkhondo ina inayamba mu 2017, nayonso pakati pa achinyamata oona chuma chikudutsa pakhomo pawo iwo ali chimanjamanja.

*Tsono ife titolepo chiyani?*

Ndalemba zonsezi chifukwa cha mawu amene ndimawaona m'magulu athu ano, makamaka mafuta akasowa kapena nthawi ya chisankho. Wina amalemba kuti dziko lino likufunika kaye nkhondo kuti likhale bwino, anzake n'kumaseka. Aise, amene anasaina ku Rome aja anatuluka ndi masuti, nyumba ndi magalimoto. Amene anasenza gandira anatuluka ndi chiyani? Mnyamata amene anagwidwa ali ndi zaka 12 anabwerako ndi zaka 20 osadziwa kulemba dzina lake. Nkhondo simanga mudzi, anatero akuluakulu, ndipo ikayamba sifunsa kuti unavotera ndani.

Kwa amene ali ndi mphamvu, kaya ndi a boma, kaya a komiti ya pagombe, phunziro ndi lomwelo la mng'alu. Munthu ukamulanda malo ake, mfumu yake ndi pakamwa pake, usadabwe akatsegulira chitseko mlendo woipa. Dandaulo limene lakanizidwa kutuluka pabwalo limakatulukira kutchire. Mwera sitingauletse, udzabwera ndithu, koma bwato timamata kukadali bata.

Ndipo mukakumana ndi anzathu a kutsidya, kaya pa msika wa nsomba, kaya panyanja usiku nyali zitayandikana, kaya abwera kuchipatala kuno, musawatchule maina onyoza. Makolo awo anaona zimene ife tangowerenga pa foni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amene muli ndi agogo amene anaona nthawi imeneyo, khalani nawo pansi muwafunse akadali moyo, ndipo akakana kulankhula musawakakamize. Zimene akuuzeni mutilembere muno. Tumizani uthengawu ku magulu ena a kunyanja. Amene mukulowa m'madzi usiku uno, muyende bwino.